Deresi la Bafuta la Apongozi

Amene anandiponya pamoto ndi akazi anga. Tinali pamsonkhano wa Amalawi a mumpingo mwathu kuno ku Nairobi, Lamulungu masana, anthu atakhuta tiyi ndi mandasi, ine ndikuwodzera pabenchi lakumbuyo. Ndinangomva mawu a mayi akunyumba akuti, "Zosokazo musavutike nazo, abambo akwathuwa ndi mwana wa telala." Anthu anawomba m'manja. Pomwe ndimadzidzimuka n'kuti amayi apampando akundigwedeza kale dzanja.

Nkhani yake inali iyi. Chaka chilichonse mipingo ya anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana okhala mu Nairobi imasonkhana pa mishoni ina yakale, kumapiri ozizira kupitirira Limuru. Gulu lililonse limachita sewero loonetsa momwe Akhristu oyamba akwawo analowera mumpingo, anthu atavala monga ankavalira makolo a nthawi imeneyo. Chaka cham'mbuyo ife Amalawi tinachita manyazi. Mayi amene ankasewera ngati wobatizidwa wakalekale anatulukira atavala chitenje cha kampani ya mafoni, ndipo mphunzitsi wa mishoni foni inamulirira m'thumba ubatizo uli mkati. Anzathu a ku Uganda anaseka mpaka kugwira nthiti. Tsono amayi apampando, mayi wamfupi wamagalasi amene salola kusekedwa kawiri, anaika lamulo: zipi ayi, mabatani apulasitiki ayi, makina osokera ayi. "Chovala chilichonse ndidzachitembenuza n'kuona msoko ndi maso angawa," anatero.

Zovala za ena zinali zosavuta. Amayi ankangofunika nsalu yakuda ya biriwita yokulunga pachifuwa, abambo kansalu m'chiuno ndi bulangete paphewa. Chovuta chinali chimodzi chokha, deresi loyera la mayi woyenda patsogolo pa mzere wa obatizidwa. Wolivala anali apongozi anga.

Apongoziwo anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzatithandiza kulera khanda lathu lalikazi. Tsiku lina anauza amayi a kutchalitchi kuti agogo awo anali m'gulu la amayi oyamba kubatizidwa kudera kwawo, ndipo deresi lomwe anabatizidwa nalo iwo analiona ndi maso ali kamtsikana. Komiti itamva zimenezo sinafunenso munthu wina. Apongozi adzayenda patsogolo m'malo mwa agogo awo, ine ndisoke deresilo ndi manja. Palibe ndi mmodzi yemwe mukomitimo amene anaima n'kudzifunsa kuti telala ameneyu adzamuyeza bwanji munthu amene saloledwa ngakhale kumuyang'ana.

Kwawo kwa akazi anga mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana mwachindunji. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi zimenezi n'zosavuta chifukwa tchire lilipo. Koma ife timakhala ku Donholm, m'fulati ya zipinda ziwiri, m'mwamba, ndipo pakati pa chipinda chathu ndi bafa pali kakolido koti anthu awiri sangadutsane osagundana mapewa. Tchire ndikalipeza kuti? Ndinaphunzira kutsokomola ndisanatsegule chitseko, mpaka mnansi wathu anandifunsa ngati ndinakayezetsa chifuwa. Tikakumanabe mwangozi aliyense ankatembenukira kukhoma kwake, ine n'kudutsa cham'mbali ngati nkhanu, maso ali papenti. Khoma limenelo ndinalidziwa ming'alu yake yonse.

Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo. "Uwauze abambo a mwana kuti madzi atha m'thanki." Ine n'kuyankha, "Muwauze amayi kuti ndamva." Mawu ankayenda ulendo wautali m'chipinda choti ukatambasula mwendo wagunda khoma. Sindinkadandaula kwambiri. Wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima.

Chimene chinkandidya chinali china. Ine sindinawagwirirepo apongozi anga ntchito ya mkamwini. Mkamwini mnzanga, amene anakwatira mng'ono wa akazi anga, amakhala pamudzi pomwepo. Anawamangira khitchini, anawafolerera nkhokwe, munda wawo amalima ndiye. Zimenezi ndinkazimva kudutsa khoma pafupifupi tsiku lililonse, apongozi akucheza ndi mwana wawo. Ine kumudziko amanditcha mkamwini wa pafoni. Zimandipweteka, chifukwa sindine ndinasankha kuti ntchito ikhale ku Kenya, ndipo munthu sungalime munda wa ku Dedza uli muofesi ya mpingo ku Nairobi. Choncho mkwiyo wa tsiku la msonkhano utaphwa, ndinaona kuti deresili ndiye khasu langa. Kanali koyamba kuti apongozi alandire chinthu chotuluka m'manja mwanga. Ndinkafuna liwakhale bwino, ayende nalo patsogolo pa anthu, akafika kumudzi akakhale ndi choti anene za ine.

Kusoka ndimadziwadi, apo akazi anga sananame. Bambo anga anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo sanandilole kukhudza makina awo ndisanathe kusoka malaya athunthu ndi singano yapamanja. Anandisiyira malamulo awiri. Loyamba linali lakuti uzisiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko, chifukwa munthu amasintha. Lachiwiri ankalinena akuzungulira kasitomala, mutu utapendekeka: telala amasoka ndi maso, tepi imangochitira umboni. Loyambalo ndikanatha kulisunga. Lachiwirilo mwambo unali utandilanda.

Nsalu ndinakaifuna ku Eastleigh Loweruka m'mawa. Amene sanafikeko asamanene kuti anaonapo chipwirikiti. Okoka ngolo zamanja akukukuwira kumbuyo, maminibasi awo otchedwa matatu akuliza hutala pamphuno pako, matope mpaka m'akakolo ngakhale mvula isanagwe. Ndinalowa sitolo ndi sitolo ndikufunsa bafuta weniweni wathonje, onse akunditulutsira nsalu zonyezimira zoterera ngati pepala la switi. Pomaliza bambo wina wandevu zofiira anamva chimene ndikufuna. "Aa, marekani," anatero, kutchula bafutayo m'Chiswahili, n'kukwera pamakwerero kukatsitsa mpukutu wafumbi. Akundidulira anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Pole sana kwa msiba," kundipepesa maliro. Ndinamuuza m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti palibe wamwalira, ndikusoka deresi la apongozi. Anandiyang'ananso mwachifundo choposa poyamba.

Kenako inafika nkhani ya maonekedwe a deresilo. Chithunzi panalibe, ndipo deresi lenilenilo panalibenso, chifukwa agogo aja atamwalira anawaveka lomwelo n'kupita nalo kumanda. Linatsala m'mutu mwa apongozi mokha, ndipo kuti lituluke m'menemo lifike kwa ine linkadutsa mwa akazi anga, munthu woti batani likathothoka amataya bulauzi. Lolemba anandiuza kuti kolala inali yozungulira. Lachitatu kolala ija inali itaimirira. Ndikafunsa kuti manja ake ankathera pati, yankho linkabwera lakuti, "Akuti anali aatali bwinobwino." Bwinobwino ndi muyeso wanji? Ndinajambula madiresi angapo papepala, akazi anga n'kumalowa nawo kuchipinda, mpaka limodzi linabwerera lili ndi chala chamafuta pakona. Limenelo ndilo linali lake: kolala yoimirira, manja ofika pamfundo ya dzanja, m'chiuno mokwinya, kumbuyo tizingwe tomangira, kutalika mpaka m'akakolo.

Tsiku loyeza ndinapempha chinthu chanzeru. Pansi pa fulati yathu pali mayi wina wa ku Kenya wosoka zovala, amene anthu amangomutcha fundi. Ndinati tiyeni timuitane awayeze amayi, munthu wodziwa thupi. Akazi anga anaika supuni pansi.

"Ndiye kuti ine sindingathe kuwerenga manambala a patepi?"

"Si nkhani ya manambala."

"Mayi anga avule pamaso pa mlendo ine ndilipo? Bweretsani tepiyo."

Ndinabweretsa tepiyo. Iwo analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ine ndinaima m'kakolido kaja ndi pepala ndi pensulo, ndikukuwira chitseko ngati wamisala. "Kuchokera pafupa la pakhosi kufika m'chiuno, kumbuyo! Ayi, kumbuyo! Tsopano phewa ndi phewa!" M'katimo ndinkamva kuseka, khanda likulira, tepi ikugwa pansi. Ndinamvanso akazi anga akuti, "Imani bwino amayi. Wongokani. Eya, choncho, musagwedere." Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino ndi makutu angawa, koma ndinali kalikiliki kulemba, sindinawaike kumtima.

Miyeso yoyamba inabwera yoti dzanja lina n'lalitali kuposa linzake ndi chikhatho chathunthu. Ndinawabweza. Yachiwiri inabwera yoti chiuno n'chachikulu kuposa mwendo wa munthu kutalika kwake. Ndinawabwezanso. Akuluakulu sananame, kandimverere anakanena za m'maluwa. Ulendo wachitatu manambala anagwirizana, akazi anga n'kundiponyera tepi pachifuwa. Ndinayesa pempho lomaliza, lakuti angowajambula pafoni ataima cham'mbali, ndione kaimidwe kawo.

"Mukufuna muziyenda ndi apongozi anu m'thumba?" anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinachapa nsalu ija kuti ithe kuuma, ndinaisita, ndinaiyala patebulo n'kuijambula ndi choko. Podula ndinasiya nsalu yambiri m'misoko monga ankanenera bambo. Ndiye ndinayamba kusoka, madzulo ndikaweruka kuwala kusanathe, ndi Loweruka lonse, pakakhonde kathu kam'mwamba, chifukwa pabalaza panali pa apongozi.

Amene amati kusoka ndi manja kumakhazika mtima pansi sanasokepo bafuta woyera m'mbali mwa msewu wa Outer Ring. Fumbi limabwera ngati latumidwa. Ukasamba m'manja n'kugwira nsalu, pofika kumapeto kwa msoko zala zadinda kale. Anansi a pamwamba pathu ankayanika majinzi osafinya, madzi abuluu n'kumadontha ndendende pomwe ndakhala. Maso nawo anasankha nthawi yomweyo kundiuza kuti ndakula. Ndinkalimbana ndi kabowo ka singano, ulusi ndikuunyambita, ndikuupotokola, uku ndikutukwana chamumtima, mpaka ndinakagula magalasi a pamsewu amene ankandipweteketsa mutu. Chala chapakati chinabooka mabowo ngati sefa. Tsiku lina dontho la magazi linagwera pachifuwa penipeni pa deresi, ndipo ndinathamanga nalo kumpope n'kupeza madzi atapita.

Chonsecho pansi panga makina a fundi uja ankalira tsiku lonse, trrrr, trrrr, ngati akundiseka. Msoko womwe unkandidyera Loweruka lathunthu iye akanauthamangitsa asanamalize kumwa tiyi. Ankandiona ndikamayanika zidutswa n'kukuwa kuti, "Baba, leta hapa!" kundiuza kuti ndimubweretsere. Ankati adzasoka m'kati mokha, mosaoneka, ine ndidzangomalizitsa kunja. Sindibisa, tsiku lina ndinatsika nalo masitepe mpaka pakati. Sanandibweze amayi apampando ndi magalasi awo, ayi. Ndinangoganiza za mkamwini mnzanga uja kuti nkhokwe ya apongozi sanalembe ganyu woti amufolerere, ndipo ndinakweranso.

Nditalumikiza thupi la deresi ndi ulusi wongogwirizira, ndinalipereka kuti akayese. Apa ndiye pamene telala amaonera zonse: pomwe nsalu ikukoka, pomwe yakhwepa, pomwe ikufuna kumasulidwa. Ine ndinaima m'kakolido n'kumayang'ana khoma. Patapita kanthawi akazi anga anatuluka nalo.

"Akuti lili bwino."

"Pamapewa?"

"Lili bwino."

"Akakweza manja silikukoka kumsana?"

"Abambo, ndati akuti lili bwino."

"Inuyo mwaona bwanji, ndi maso anu?"

"Ndaona deresi loyera."

Palibe chovala chimene chimakhala bwino pa kuyesa koyamba, ngakhale chosokedwa ndi mngelo. Ndinaika manja a deresi, n'kulitumizanso. Lili bwino. Ndinaika kolala. Lili bwino. Ndinayamba kulakalaka atangonena kuti lawathina, kapena kuti n'lonyansa, kuti ndidziwe pogwira. Ndinafika pofunsa akazi anga ngati amayi akulivaladi kapena akungoliyang'ana lili pabedi. Tinakangana tsiku limenelo monong'ona, monga amakanganirana anthu okhala ndi apongozi m'fulati, ndipo kukangana konong'ona kumatopetsa kuposa kokuwa.

Ndinalimaliza kutatsala tsiku limodzi. Ndinalisita n'kulipachika pachitseko, ndipo ndinene mosadzichepetsa, linali deresi. Misoko inali yowongoka, timfundo tating'ono tofanana, mpendero wosaoneka kunja. Bambo anga akanalitembenuza n'kungoti "hmm," komwe kwa iwo kunali kuyamikira kwakukulu.

Tinanyamuka m'mamawa pa basi yomwe mpingo unabwereka. Apongozi anakhala kutsogolo ndi amayi anzawo, deresi lili m'pepala pamiyendo pawo, ine kumbuyo kwenikweni pamwamba pa tayala. Singano, ulusi ndi kasizasi ndinaziika m'thumba la jekete, chizolowezi cha mwana wa telala. Titadutsa Limuru nkhungu inatseka minda ya tiyi, kuzizira kukulowa m'mafupa, anthu m'basimo akuimba nyimbo zakwathu. Amayi apampando anayenda mpando ndi mpando kulanda mawotchi ndi mafoni n'kuziika m'chikwama chawo.

Pamishonipo amayi anapatsidwa kalasi ya sukulu kuti avaliremo. Ine ndinatsala panja ndi khanda, nditaima pafupi ndi thanki yamadzi, cham'mbali mwa khomo. Amayi a biriwita anatuluka ali gulu, akunjenjemera ndi kuseka. Patapita kanthawi apongozi anatuluka okha. Sanandione. Ndikanayenera kutembenuka, ndipo khosi linayamba kale kutembenuka lokha, koma maso a telala anakana. Zaka zonse zomwe ndakhala pabanja, aka kanali koyamba kuwayang'ana apongozi anga bwinobwino.

Anali owerama. Msana wawo unapindika kumtunda kuno, mapewa anagwera kutsogolo, lakumanja lotsika kuposa linzake, msana wa munthu amene wasenza mitolo ndi kugwira khasu moyo wake wonse. Ine ndinali nditasokera mayi wowongoka ngati msilikali. Kumsana deresi linathina mpaka tizingwe tija tikuchita kulira, mpendero wakumbuyo unakwera kufika m'akatumba, wakutsogolo ukukwekwereza m'matope, kolala ikuwakanyanga pakhosi. Pomwepo mawu aja anabwerera m'makutu: imani bwino amayi, wongokani.

Kenako anandiona. Sanathawe, sanapatuke. Anayang'ana kumbali, anakoka mpweya, n'kudziwongola pang'onopang'ono, mapewa kumbuyo, chibwano m'mwamba. Deresi lonse linagwera m'malo mwake. Mpendero unalingana, kolala inakhala, makwinya a m'chiuno anatsika mokongola ngati papepala paja. Ndiye ndinamvetsa "lili bwino" yense uja. Nthawi zonse poyesa ankaima chonchi, ndipo mwana wawo ankaona deresi loyera.

Ndinathamangira akazi anga, amene anali kumangirira nsalu ya mnzawo kuseri kwa kalasi.

"Kawauzeni amayi avule. Ndimasule kumsana."

"Mwayambanso?"

"Lawathina. Akuchita kudziwongola kuti liwakhale. Nsalu ndinasiya m'misoko, singano ndili nayo pano. Gulu lathu lisanaitanidwe ndikhala nditamaliza."

Anandiyang'ana, anayang'ana mayi awo ali chiimire pakhomo paja, ndipo nkhope yawo inasintha. Anapita. Ndinawaona akulankhula, akugwira kumsana kwa deresi, apongozi akupukusa mutu. Anabwerera pang'onopang'ono.

"Akuti lili bwino."

"Silili bwino! Ndaona ndi maso!"

"Tsitsani mawu. Mukufuna anthu amve kuti mumawasuzumira apongozi anu?"

"Kawauzeni kuti ndikupempha."

Anapitanso, anabwereranso. "Akuti amayi apampando alitembenuza kale pamaso pa amayi onse m'kalasimo, ayamikira, ndipo iwo awauza kuti wasoka ndi mkamwini wawo. Akuti savula kuti anthu aziti mkamwini analakwitsa."

Ndinakwiyira akazi anga ndi tepi yawo, ndinakwiyira komiti, ndinakwiyira mwambo woti munthu ukhale m'nyumba imodzi ndi mayi wokalamba miyezi yathunthu osadziwa kuti msana wake ndi wopindika. Ndinakwiyiranso apongoziwo, chifukwa mankhwala ake anali m'thumba mwangamu, ntchito yochepa kwambiri, ndipo ankaikana pofuna kunditeteza ine amene sindinapemphe kutetezedwa.

Sewero lathu silinali lapabwalo pokha. Mzere wa obatizidwa unkayenera kuchoka patchalitchi chakale, kutsetsereka mpaka kukamtsinje, kuima pamenepo nthawi yonse ya ulaliki ndi mafunso a katekisimu, kenako kukwera phiri kubwerera ukuimba. Apongozi anayenda ulendo wonsewo patsogolo, opanda nsapato, ali chiwongokere. Ine ndinkatsatira m'khamu la oonerera, khanda lili pachifuwa, maso anga ali pamsana pawo, mwambo ndinali nditauiwala. Ndinkaona zomwe ena sankaona. Manja awo anali atafumbata nsalu m'mbali. Pakati pa mapewa panayamba kuda ndi thukuta, tsiku lozizira loti mpweya ukutuluka utsi m'kamwa. Kumtsinje kuja mnyamata wosewera mbusa anakomedwa nawo ulaliki, n'kumangopitiriza, ine ndikumupempherera kuti lilime limuume. Pokwera phiri anaima kamodzi, ndipo ndinati basi awerama. Sanawerame. Anayambitsa okha nyimbo ndi mawu okwera, mzere wonse n'kulandira.

Anthu anaimirira powomba m'manja. A ku Uganda aja anabwera kudzagwira mpendero, kufunsa ngati ndi manjadi. Amayi apampando anandikokera pakati pa bwalo n'kundikweza dzanja ngati wankhonya. Sindinayambe ndadanapo ndi kuyamikiridwa ngati tsiku limenelo. Ndinkangofuna wina awapatse mpando apongozi anga.

Pobwerera anagona pampando wakutsogolo wa basi atapinda mawondo, atafunda zitenje za anzawo. Masitepe a ku Donholm anakwera atakolowekedwa pamapewa a amayi awiri, ine ndili kumbuyo ndi zikwama, wosaloledwa ngakhale kuwagwira chigongono. Anakhala chigonere masiku angapo. Nyumba yonse inkanunkha mankhwala opaka, ndipo kudutsa khoma ndinkamva akubuula mwana wawo akamawathowa ndi madzi otentha. Anabwera kudzatilerera mwana, tsopano tinkalera iwo, chifukwa cha deresi langa.

Linachapidwa n'kupachikidwa kuseri kwa chitseko chawo. Ndinauza akazi anga kuti andibweretsere ndilikonze, tsopano poti thupi lake ndalidziwa. Ndinali nditaganiza kale zochita: kumasula msoko wapakati, kuonjezera kansalu pamapewa, kutsitsa kumbuyo, kukweza kutsogolo. Yankho linabwera lakuti ayi. Ndinatumizanso patapita masiku. Ayi. Tsiku lawo lobwerera ku Malawi linkayandikira, ndipo maganizo oti deresilo lipita kumudzi lili chomwecho ankandisowetsa mtendere. Adzalivala ku Mgonero, adzawerama monga mwa masiku onse, ndipo mudzi wonse udzaona ntchito ya mkamwini wa pafoni.

M'mawa wa tsiku la ulendo akazi anga anatsika kukafuna galimoto yopita kubwalo la ndege. Ndinatsokomola, ndinatsegula chitseko, ndipo ndinapeza chitseko cha apongozi chili chotsegula. Anali atakhala pamkeka, chammbali kwa ine, khanda lili pamiyendo, sutikesi ili yotsegula patsogolo pawo. Deresi linali lopindidwa bwino pamwamba pa katundu. Ndinatembenukira kukhoma kwanga. Wotuma panalibe, koma mtima unali utadzaza, ndiye ndinalankhula ndi mwana wosadziwa ngakhale kukhala yekha.

"Iwe, uwauze agogo ako kuti deresilo alisiye. Ndilikonza, ndidzatumiza ndi anthu opita kumudzi. Si bwino kuti liziwapweteka."

Ndinamva pepala lokulungira deresi likukhwekhwereza, kenako mawu awo, otsika, akulankhula ndi khandalo.

"Uwauze abambo ako kuti ndathokoza. Manja awo ndawaona. Koma asalimasule, lili bwino momwemo. Sindilivala ku Mgonero ayi. Ndikaliika pansi pa bokosi, ndipo ndikawauza onse kumudzi kuti ndi limeneli, asadzavutike n'kugula nsalu. Agogo anga anapita ndi lawo. Tsiku lomwe ndidzalivalenso adzachita kundiveka, ndipo pamenepo msanawu udzakhala utawongoka."

Khanda linaseka, likukoka mpango wawo. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri okhudza misoko ndi mapewa, ndipo onse anathawa. Ndinafuna kukana, kunena kuti ine sindinabooke zala kusokera maliro, kuti ndinkafuna alivale akuyenda, anthu akuwaona. Ndinangoti, "Uwauze kuti ndamva."

Pansi hutala inalira. Ndinamva zipi ya sutikesi ikutsekedwa, ndipo ndinakhalabe chiimire m'kakolido muja, mphuno ili pafupi ndi mng'alu wa pakhoma, ndikupukuta m'maso ndi chala chobooka chija. Apongozi anadutsa kumbuyo kwanga pang'onopang'ono, atayang'ana kukhoma kwawo, ndipo nditamva kuti afika pamasitepe ndinalowa kukanyamula sutikesi.